Bakha ndi Nsapato Zopyapyala

Padangotero, Bakha, yemwe anali asanathamangepo chibadwire, anasirira nsapato za Nthiwatiwa, katswiri wa liwiro. Zinali zopyapyala ngati tsamba, zala zonse kuonekera. Naye anakagula zake.

"Achimwene, zimenezi n'zofuna kuzolowera," anatero Nthiwatiwa. "Lero thamangani mpaka pachulu apo basi."

"Pachulu? Mukundiyesa mwana?" anayankha Bakha. "Tiyeni tipikisane mpaka kumsika!"

Analiyatsa liwiro, Nthiwatiwa n'kuzimirira m'fumbi. Bakha kamwala kalikonse kankamulasa mpaka mumtima, koma poti atsikana a kwa Nkhanga ankaonerera, anangolimba nazo. Pofika kumsika, mapazi anali atatupa, nsapato zija n'kukana kuvuka.

Mpaka lero akadali nazo, ndipo amayenda chopendamira uku ndi uku. Mukamufunsa, amatukula khosi n'kunena kuti, "Akatswirife timayenda chonchi!"