Zigubu Zosaboola za a Ndikudziwa

Panali munthu wina wogulitsa mankhwala ophera tizilombo m'minda. Anthu ankangowatchula kuti a Ndikudziwa, chifukwa ukayamba kuwalangiza ankakudula pakamwa: "Zimenezo ndikudziwa." Ngakhale uwauze kuti mabatani a malaya amanga molakwika, yankho linali lomwelo.

Mankhwalawo ankabwera m'zigubu zachikasu, iwo n'kumapimira anthu m'timabotolo. Chigubu chilichonse chikangofika, ankachiwotcha ndi msomali wamoto pachogwirira, timizere tiwiri topingasana, kuti antchito asawabere.

Mumsewu wawo munkadutsa galimoto ya zinyalala ya khonsolo. Nyumba ndi masitolo zinkapereka kamsonkho kogulira mafuta ndi kulipira onyamula zinyalalawo. Koma zigubu za mankhwala zinali ndi lamulo lake: uziboole pansi, uziike pazokha, a khonsolo akazitaye kumalo kwake.

Msonkho utakwera pang'ono, a Ndikudziwa anakana kupereka.

"Ndizilipirira zinthu zotaya? Ndalama zathu akungodya amenewa. Galimoto yake imabwera ikafuna!"

Apo sananame kwenikweni, masabata ena galimotoyo inkasowadi. Koma dalaivala wake anawakokera pambali.

"Bwana, za msonkhozo kakanganeni ku ofesi. Ine ndikupempha chimodzi: musapatse munthu chigubu chosaboola. Chigubu cha poizoni sichiyera, ngakhale mutatsuka ndi sopo."

"Ndikudziwa."

Galimoto inayamba kudutsa pasitolo pawo osaima. Zigubu zinaunjikana kuseri mpaka kufika pawindo.

Tsiku lina kunatulukira bambo wa wilibala, amene m'deralo panalibe womudziwa. Anali waulemu kwambiri, chipewa kumanja.

"Bwana, ndizikuchotserani zonsezi. Muzingondipatsa ya sopo."

A Ndikudziwa anatenga hamala ndi msomali kuti aboole. Mlendoyo anawagwira dzanja, akumwetulira.

"Musavutike, bwana, dzanja lingatupe. Ndikaboola ndekha uko."

Akazi awo anali ataima pakhomo akuonerera. Wilibala itachoka anati, "Bambo, wotaya zinyalala amasankha? Makatoni wasiya, koma zigubu watenga ndi zitsekerero zomwe. Akukataya kuti?"

"Mayi, za bizinesi tisiyireni ife. Ndikudziwa."

Ine ndimati munthu akakugwirira ntchito yonyansa akusekerera, pafupifupi ulere, uzidzifunsa kuti malipiro ake enieni akukawatenga kuti. A Ndikudziwa sanadzifunse. Ankangoseka anansi awo olipira msonkho, kuwatcha ogona. Wa wilibala uja anabwerabwera kwa miyezi, kenako anangozimiririka.

Chilimwe chimenecho mipopi inauma. Aliyense ankasaka chosungiramo madzi, ndipo pamsika zigubu zinkagulidwa mokanganirana.

A Ndikudziwa anali ndi mwana wamkazi wokwatiwa kutsidya kwa tawuni, ndi mdzukulu mmodzi yekha, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Padziko lonse kameneka kokha ndi kamene kankatha kuwalankhula iwo n'kumvetsera mpaka kamalize.

Masana ena foni inalira. Anali mwana wawo uja.

"Ababa, bwerani kuchipatala msanga. Mwana akutuluka thovu kukamwa, thupi lonse likunjenjemera."

Anapeza mdzukulu wawo ali pabedi, maso atatembenuka. Dokotala ankafunsa mayi wake mwachangu.

"Mwanayu wamwa poizoni. Kunyumba muli ndi mankhwala a makoswe?"

"Ayi, adokotala. Pochokera kusukulu wangomwa madzi basi. Anali ndi ludzu, wamwa ambiri."

"Madziwo mumasunga muti?"

Bambo wa mwanayo anathamangira kunyumba n'kubwera ndi chigubu. Chinali chachikasu, chotsukidwa bwino, pepala lomata la dzina lake atalipala.

"Ndagula dzulo pamsika," anatero mayiyo akulira. "Wogulitsa anati munali mafuta ophikira."

A Ndikudziwa anachilandira. Maso asanaone, chala chawo chachikulu chinali chitamva kale pachogwirira paja timizere tiwiri topingasana. 

"N'changa ichi," anatero ndi mawu otsika. "Chachokera kusitolo kwanga."

Mwana wawo anasiya kulira n'kuwayang'ana.

"Ndiye mwatithandiza, bambo," anatero dokotala. "Munali mankhwala anji? Nenani msanga, tidziwe chomupatsa."

M'sitolo muja munkadutsa mankhwala amitundumitundu, a mbozi, a udzu, a nsabwe za m'masamba, onse m'zigubu zofanana. Dzina linali papepala lija. A Ndikudziwa anachitembenuza chigubucho uku ndi uku, anachinunkhiza. Aliyense m'chipindamo ankadikira iwo.

"Sindikudziwa."

Madokotala anayesetsa ndithu, koma dzuwa lisanalowe mdzukulu uja anatsirizika. Pamaliro mwana wawo sanawatukwane, sanawaloze chala. Anangowafunsa funso limodzi: "Ababa, zinalipo zingati?"

Iwo anali asanaziwerengepo.

Sitolo ija anatseka. Akuti masiku ano amayenda khomo ndi khomo, hamala ndi msomali m'thumba, kupempha kuti aone nawo zigubu za madzi. Amapapasa pachogwirira, n'kupita khomo lina. Ena amawathamangitsa poyesa ndi amisala. Zimene apeza n'zowerengeka chabe. Zinazo zikadali m'makhitchini mwa anthu, zodzaza madzi, ndipo ana akutungamo ndi kapu.

Phunziro: Choipa chitsata mwini. Chinyalala chikachoka pakhomo panu sikuti chatha, chimakafika m'nyumba mwa munthu, mwina mwa mwana wanu yemwe. Khonsolo ikamagona pantchito, kaidzutseni ku ofesi, koma musapereke zinyalala zoopsa kwa munthu amene simudziwa kokatayira kwake. Boolani chigubu cha mankhwala musanataye, ndipo musamwere m'chigubu chimene simudziwa kochokera. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anansi lero, wakutsina khutu ndi mnansi.