Inshuwalansi Yotchipa ya a Namakhwa

A Hudson Namakhwa anabweza pepala lija ndi chala chimodzi, ngati munthu wokankha kapu yomwe wapezamo ntchentche.

"Tabwerezani mtengowo, mayi."

Rosie, kalaliki wa mu ofesi ya inshuwalansi pa Chitakale, anabwereza. Chaka chatha galimoto yawo a Namakhwa anailipirira K480,000. Chaka chino inshuwalansi yatsika, yafika pa K310,000.

Bambowa anabwera atakonzekera nkhondo. Sabata yathunthu ankafufuza njira zotsitsira mtengo. Anafunsa madalaivala a pa Chonde, anafunsa msungichuma wa kumpingo, mpaka analemba mfundo zisanu kuseri kwa envelopu: galimoto imagona mumpanda, ili ndi alamu, amalipira chaka chonse pakamodzi, ndi zina zotero. Akanawachotsera K20,000 akanapita kwawo akuimba likhweru. Koma mtsikanayu wagwetsa K170,000, envelopu isanatuluke n'komwe m'thumba la jekete.

Zaka makumi awiri za ukapitawo ku esiteti ya tiyi zinawaphunzitsa chinthu chimodzi: dengu la wothyola likalemera msanga, pansi pali mwala.

Anamuyang'anitsitsa Rosie. Foni yatsopano. Tsitsi lomangitsa dzulodzuloli. Anamvapo za makalaliki oponya ndalama m'thumba n'kukupatsa pepala labodza, lomwe umadzalizindikira tsiku limene wapolisi wapamsewu wakweza dzanja. Ndipo Loweruka likubwerali galimotoyo inkayenera kunyamula mwana wawo Pilirani kupita ku ukwati wake ku Limbe. Zonse anaziona m'maso mwawo: galimoto yalandidwa, mkwatibwi waima m'fumbi ndi diresi yoyera, apongozi akudutsa pa minibasi atatulutsa mitu pawindo.

Ayi, osati a Namakhwa. Munthu sanawapusitsepo. Ngakhale galimoto yomweyo anailembetsa m'dzina la akazi awo, a Anesi, kuopa kuti tsiku lomwe adzatsikire kuli chete, ana a alongo awo adzailiza n'kuthawa nayo maliro asanatuluke m'nyumba. Lero lomwe, potsika, makiyi anawasungitsa kwa mayiwo. Mu ofesi mumalowa anthu osiyanasiyana, ndipo thumba la jekete silikuwa.

"Amayi ali bwanji?" anafunsa Rosie, uku akukweza dzanja kuloza pawindo, pomwe a Anesi ankaoneka atakhala phee m'galimoto.

A Namakhwa anamwetulira cham'mimba. Ndi mmene zimayambira. Wakuba amayamba wakufunsa za kunyumba.

"Amayi asiyeni. Ine ndikufuna ndidziwe: ndalama zatsikazi, zatsika chifukwa chiyani?"

"Kampani imachotsera ngati woyendetsa alibe mbiri ya ngozi, bambo."

Apa ndiye anamugwira. Mbiri yawo ankaidziwa bwino kuposa kompyuta. M'zaka zitatu kampaniyo inakonzetsa galimoto yawo kanayi. N'zoona kuti panalibe pomwe iwo analakwa. Geti la kutchalitchi analimanga mopanikiza. Mtengo wa mango wa kwa a Moffat unamera pamalo olakwika. Ngalande ya ku Likhubula sinalipo chaka chinacho. Za mbuzi ija, mbuziyo ikanakhala ndi moyo ikanavomera yokha. Komabe kanayi ndi kanayi, ndipo kampani siiwala. Ndiye mtsikanayu akunamiza ndani?

Anatulutsa magalasi, n'kuwapukuta pang'onopang'ono kuti mlanduwo ukule. Ananyamula pepala lija n'kuliunika padzuwa ngati ndalama yokayikitsa. Anakanda chidindo ndi chikhadabo. Analinunkhiza. Anawerenga nambala ya galimoto kawiri, dzina la kampani katatu. Zilembo zing'onozing'ono za m'munsi anazilumpha. Zimenezo ankati amalembera anthu opanda zochita.

Masiku ano, anaganiza motero, aliyense wasanduka katswiri wa magalimoto. Ngakhale a Anesi, chiyambireni kupita ku misonkhano ya amayi a mpingo ku Chonde Lachinayi lililonse, pachitunda ayamba kumati, "Bambo, apa pakufunika giya yachiwiri." Dziko latha.

"Mayi," anatero potsiriza, akugogoda tebulo, "ine ndayang'anirapo anthu mazana atatu. Sikelo yobera ndimaidziwa ndili patali. Ndiitanireni bwana wanu."

"Bwana apita ku Blantyre."

"Eya! Ndinadziwa."

Anthu awiri amene ankadikira pa benchi anasiya kuseweretsa mafoni. A Namakhwa anawatembenukira, poti mlandu wabwino umafuna mboni.

"Abale, mwamva nokha. Akuti woyendetsa alibe ngozi. Ine pano ndachita ngozi zinayi! Zinayi! Geti, mango, ngalande ndi mbuzi. Ndinamizeni china, mayi, osati chimenecho."

Kanali koyamba m'zaka zitatu kuti azitchule zonse ndi pakamwa pawo. Mmodzi wa pa benchi uja anagwedeza mutu mwaulemu.

Rosie sanakwiye. Anatembenuza pepala lija, n'kuika chala pa zilembo zing'onozing'ono zija.

"Pepalali ndi lenileni, bambo. Mwini galimoto anabwera Lachiwiri ndi laisensi yawo yatsopano, n'kutipempha kuti dalaivala wa ngozi zinayi uja timuchotsepo. Wololedwa kuyendetsa tsopano ndi mmodzi yekha."

Panja hutala inalira kawiri. A Anesi anali atasamukira kale kuchiwongolero, akukokera mpando kutsogolo.