Botolo la Mlendo pa Boneti ya Mkulu Wake

Panali munthu wina ku Mzimba dzina lake Chawanangwa. Mkulu wake Chester ankagwira ntchito ku Joni, ndipo anasiya pakhomo galimoto yakuda imene anaivutikira zaka zisanu ndi ziwiri. Pochoka anapatsa Chawanangwa makiyi n'kumuuza kuti: "Uzingoiliza kuti batire isafe. Isatuluke pageti."

Koma Chawanangwa anali ndi chibwenzi ku Chikangawa. M'nyengo ya mvula anatenga galimotoyo n'kukakhala kumeneko masabata awiri, akuuza anthu kuti ndi yake. Ankaiimika pansi pa mitengo ya paini, ndipo utomoni unkadonthera pa boneti ndi padenga mpaka kuuma gwa. Matope ofiira anaikuta mpaka m'magalasi.

Lachinayi m'mawa foni inalira. Anali Chester.

"Mng'ono wanga, ndadutsa kale pa Jenda. Ndiima pang'ono kwa apongozi ku Champhira, madzulo ano ndafika."

Chawanangwa anathamangitsa galimoto kuchoka ku Chikangawa mpaka pa boma la Mzimba, kwa bambo Rajabu, amene akhala akutsuka magalimoto zaka zambiri. Bambowo anaizungulira, nagwira utomoni uja ndi chala.

"Achimwene, iyi si ya maola awiri," anatero. "Tiiike pamthunzi, tiinyowetse mpaka matope afewe n'kuyoyoka okha. Mukapukuta matope ouma, mchenga umakanda penti. Utomoniwu timachotsa dontho limodzilimodzi ndi kansalu kofewa. Ikauma bwino ndiye tipake polishi. Mubwere mawa masana."

"Mawa? Adada, ndapota, mwini wake akufika lero!"

"Ndiye kamuuzeni zoona. Matope sapha galimoto."

Chawanangwa anakwiya n'kuchokapo. Asanafike patali, munthu wina wa chikwama kumsana, amene anamva zonse, anamuimitsa.

"Bwana, madalawa amachedwetsa dala. Ndili ndi mankhwala ochokera kunja. Mukathira, mphindi khumi zokha, utomoni wonse mbwenu wasungunuka. Imawala osafunanso polishi."

Linali botolo la pulasitiki lopanda chizindikiro chilichonse. Chawanangwa sanafunse dzina la munthuyo kapena la mankhwalawo. Anagula, nathokoza kuti, "Yewo chomene," n'kupita kunyumba.

Mlamu wake Loyce, mkazi wa Chester, anamupeza akutsegula botolo lija padzuwa la masana, boneti ikutentha.

"Alamu, fungo limeneli silabwino," anatero Loyce atagwira mphuno. "Yesani kaye pakachitsulo kena. Kapena ingoisiyani, ine ndikupepeserani kwa akulu anu."

"Inu mukudziwa chiyani za galimoto? Pitani mukaphike."

Anathira theka la botolo pa boneti n'kuyamba kupaka ndi nsanza. Utomoni unachokadi, ndipo anaseka. Koma posakhalitsa penti inayamba kutuwa, kenako kutupa matuza ngati khungu lopsa ndi madzi otentha. Atapukuta, nsanza inabwera yakuda bii, pansi pakuoneka chitsulo. Zala zake zinayamba kuyabwa, kenako kuwotcha.

"Mayo ine! Ndafa!"

Poganiza kuti anangochedwa kupukuta, ndipo kuti akathira padenga n'kupukuta mofulumira mwina penti ipulumuka, anakwera pa tayala, botolo lili m'manja losatseka. Tayala linali ndi matope onyowa. Phazi linaterereka, iye n'kugwa chagada, ndipo zotsala m'botolo zinamukhuthukira kumaso.

Kukuwa kwake kunamveka mpaka kumsewu. Loyce anamuthira ndowa ya madzi, nathiranso ina, koma Chawanangwa ankangogubuduka pansi atatseka maso ndi manja. Anthu oyandikana nawo anamunyamula kupita naye kuchipatala. Kumeneko madokotala ananena kuti m'botolomo munali asidi wa batire wosakaniza ndi mankhwala ochotsera penti. Diso lakumanja linatheratu. Lakumanzere linatsala likuona mbuu, ngati muutsi. Wogulitsa uja anthu anamufunafuna pamsika ndi pa depoti, koma panalibe amene ankamudziwa.

Chester anafika dzuwa lisanalowe. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana boneti yosupuka. Kenako anapita kuchipatala n'kukhala pamphepete pa bedi. Chawanangwa, nkhope yonse ili m'mabandeji, anamuzindikira ndi mayendedwe.

"Akulu, ndikhululukireni. Ndinkaopa kuti mukaona matope..."

Chester anamugwira dzanja lomangidwa.

"Ndikanakukalipira, inde. Mwina sabata yathunthu osakuyankhula. Boneti ndipita nayo ku Mzuzu, akaipentanso. Nanga maso akowa ndipite nawo kwa ndani?"

Bandeji ya kumaso kwa Chawanangwa inangonyowa ndi misozi.

Patha zaka ziwiri tsopano. Chibwenzi cha ku Chikangawa chinabwera kudzamuona kamodzi kokha. Galimoto ija inapentedwanso ndipo ikuyenda. Chawanangwa amakhala pakhonde tsiku lonse, ndipo ikamatuluka pageti amangotembenuzira mutu kumene kukumveka injini.

Phunziro: Ukalakwa, vomera cholakwacho chikadali chaching'ono, chifukwa kubisa kumawononga kuposa kulakwako. Mverani amene ntchito akuidziwa ngakhale njira yawo ikhale yochedwa, ndipo musathire pagalimoto kapena kugwira ndi manja mankhwala opanda dzina ogula kwa munthu wosamudziwa. Tumizirani abale ndi anzanu uthengawu, makamaka oyendetsa ndi otsuka magalimoto, wina asataye maso chifukwa cha matope.