Mpheta ndi Nkhokwe Yothamanga

Padangokhala, anzanga, Mpheta ndi mlamu wake Nkhono, ojambula mavidiyo a maukwati. Kompyuta yawo inali ndi nkhokwe ziwiri zosungiramo mavidiyo: SSD, yaing'ono koma yothamanga ngati mphezi, ndi hadi disiki, yaikulu koma yoyenda ngati Nkhono mwini wake.

"Alamu," anatero Nkhono, "zalero zokha muziika mu yaing'onoyo, zakale zizisamukira mu yaikulu."

"Ine kudikira? Ayi!" anatero Mpheta akudumphadumpha pampando. Zonse ankaponya mu yothamangayo, makamaka zimene ankajambula mobisa, monga Tambala akuzemba m'khola la eni. Ankazionera kosalekeza, kuseka mpaka misozi.

Tsiku la ukwati wa mwana wa Nkhanga, alendo akudikira kuonera pakhoma vidiyo ya kutchalitchi, kompyuta inati nkhokwe yadzaza. Mpheta thukuta kamukamu! Anadina uku, anadina uko, kufuna kufufuta msanga, ndipo pakhoma panatulukira Tambala uja, mkwati mwini wake, akuzemba m'khola muja.

Ukwati unathera pomwepo, ntchito ya Mpheta nayonso. Nkhono anangoti, "Zikanakhala mu yaikulu muja, bwenzi mpaka pano zisanatseguke."

Kaphuleni mbatata zanu, koma musakanene kuti mwamva kwa ine.