Tsamba Lokana Mwini Wake

Masauko analembanso dzina lija pa kompyuta n'kudina batani. Kompyuta inaganiza, inaganiza, kenaka inayankha monga dzulo ndi dzana: tsamba silikupezeka.

Unali mwezi wa Ogasiti, 1999, ndipo iyi inali sabata yachitatu akulimbana nalo m'kachipinda kake ku Tlhabane, ku Joni. Loweruka linali pafupi.

Ukaipa dziwa nyimbo. Nkhope ya Masauko sinali yoimitsa anthu pamsewu, koma nyimbo yake inali makompyuta. Kampani ina yokoka mawaya m'maofesi a migodi ya pulatinamu inamulemba ntchito, n'kumuikira intaneti yosazima kunyumba kuti makina akavuta azikonza ali pomwepo. Iye anatola kompyuta yakale imene abwana anataya, n'kuisandutsa seva yosungira tsamba lake la pa intaneti. Anailumikiza ku rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba. Tsambalo analipatsa dzina lake lomwe, lotsatana ndi la mudzi wa kwawo ku Ntcheu.

Zonsezi ankachitira Linnet, mtsikana wotaipa makalata mu ofesi ina m'tauni ya Rustenburg. Kapena tinene zoona, ankachitira bambo ake a mtsikanayo. A Absalom anali mtchona wa ku Phokeng, mkulu wa mpingo. Anatha zaka makumi atatu pansi pa mgodi, ndipo anatulukamo ndi chifuwa chosamva mankhwala. Ntchito yosatulutsa thukuta sankaikhulupirira.

"Haikona," anatero tsiku limene Masauko anakaonekera. "Ife mwala tinkaukweza pamwamba, aliyense n'kuuona. Iwe ntchito yako ili kuti? Undionetse chimene umapanga, ankhoswe ako ndiwalandira. Apo ayi, mwana wanga umusiye."

Masauko, pakamwa patsogolo nzeru pambuyo, analemba dzina la tsamba pakapepala n'kupereka ndi manja awiri.

"Loweruka lomaliza la mwezi uno mubwere, bambo. Mudzalemba nokha dzinali, mudzaona."

Tsono vuto linali ili. Akalemba manambala a seva, tsamba linkatseguka bwinobwino. Akalemba dzina, zii. Koma manambalawo ankagwira ntchito m'nyumba momwemo basi, ndipo tsamba lotere lili ngati golosale yopanda khomo. Anasintha mawaya. Anazimitsa rauta, kuiyatsa, kuizimitsanso. Tsiku lina anaimenya khofi. Kukayesa kuntchito sakanayerekeza: anzake akanamuseka, ndipo abwana akanafunsa kuti kompyuta yotayidwa ija inayenda bwanji mpaka ku Tlhabane. Katswiri safunsa njira. Amangosochera mwaulemu.

Amisiri a makompyuta ali ndi kachizolowezi. Poyesa tsamba amalembapo chilichonse chobwera m'mutu, kuti aone ngati chituluke. Masauko anayamba ndi "moni". Tsiku lachinayi, mtima utawawa, analemba kuti, "Absalom ndi mampara," mawu a kumgodi amene mkuluyo ankatchulira zitsiru. Zinamukomera zedi.

Kuyambira pamenepo, akaweruka kuntchito ankawonjezera mzere. Analemba kuti mkuluyo akamakhosomola umangoti lole yakale ikukwera phiri. Analemba kuti anakumbira azungu pulatinamu zaka makumi atatu, iye n'kutsala ndi suti imodzi. Analemba kuti pemphero lawo la chakudya limatha tiyi atazizira. Analembanso kuti kumudzi sabwerera chifukwa ngakhale agalu a kumeneko anawaiwala. Lachinayi la sabata yomaliza anafika poipa: "Chifuwa chija chingofulumira, ukwati tichite mwamtendere."

Ankawerenga n'kumaseka yekha mpaka misozi. Anali ndi chifukwa chanji choopera? Tsamba lakufa silinena miseche.

Loweruka m'mawa anafufuta zonse. M'malo mwake anaikapo chithunzi cha maluwa ndi vesi la m'buku la Miyambo lonena za kulemekeza imvi. Anasesa m'chipinda, n'kubwereka mpando wabwino kwa eni nyumba. Kenaka anayesanso dzina lija, mwina Mulungu n'kumva chisoni. Mulungu anali ndi zochita zina.

Alendo anafika nthawi ya teni. A Absalom anali mu suti, ndipo anakhala pampando osavula chipewa. Linnet anaima pakhomo, envulopu yaikulu ili m'khwapa. Moni wake unali waufupi. Masauko anaona kuti mtsikanayo wayamba kale kuchita manyazi m'malo mwake, ndipo zinamupweteka.

Masauko analemba dzina. Onse atatu anayang'ana kompyuta ikuganiza. Tsamba silikupezeka. Analembanso. Chimodzimodzi. Thukuta limene a Absalom ankalifuna lija linatuluka tsopano, lochuluka ndithu.

Masauko anatsika pampando n'kugwada.

"Bambo, ndalephera. Sindikunamizani, silinatsegukepo n'kamodzi komwe. Ndipatseni sabata imodzi yokha. Linnet ndimamukonda."

A Absalom anatulutsa mpango m'thumba. Anakhosomola nthawi yaitali, atatseka pakamwa ndi mpango, maso ali pansi.

Linnet anayandikira, natsegula envulopu, n'kuika mulu wa mapepala osindikizidwa patebulo.

"Simunalephere, a Masauko. Kuofesi kwathu limatseguka tsiku lililonse. Wa makompyuta kwathu akuti rauta yanuyo imalowetsa ochokera kunja, koma wa m'nyumba momwemo akabwera ndi dzina imamubweza. Pa Joni ponse amene simunkaliona ndinu nokha."

Anathandiza bambo ake kuimirira.

"Bambo ndi amene anandipempha kuti ndiziwasindikizira n'kumawawerengera. Ankafuna adzakunyadireni kutchalitchi."