Mzere wa Amayi

Chala cha wophunzirayo chinali pa batani lofufutira la kompyuta. Mabanja ena onse a m'kafukufuku wake anali ndi anthu anayi, asanu, mwina asanu ndi awiri. Mzere umodzi wokha unkati 23, ndipo unkakokera avereji m'mwamba.

"Nambala yotereyi nthawi zambiri imakhala yolakwika," anatero aphunzitsi ataima kumbuyo kwake. "Mukaitsimikize, apo ayi muichotse. Ntchitoyi ndikuifuna masana ano."

Sanawauze kuti amene anadzaza fomu ya banjalo ndi amayi ake. Anatuluka pakhonde n'kuimba foni.

"Amayi, m'nyumbamo mumagona anthu asanu. Nanga 23 mwaitenga kuti?"

"Ndinawerenga bwinobwino. Akulu ako ndi ana awo, amalume ako, iweyo..."

"Funso likunena okhala pakhomopo, amayi. Ine ndimakhala kuno kusukulu."

"Ati kusukulu! Nanga bulangete ndayanika dzuloli ndi la ndani? Enawo achotse ngati aphunzitsi akowo akuchita nawo mantha. Koma iwe usayerekeze kudzichotsa."

Anabwerera pampando, nafufuta 23, nalemba 5. Anacheuka. Aphunzitsi anali atawerama pa kompyuta ya wina.

Anasintha kukhala 6.