Munthu Amene Anagula Wailesi Yake Yomwe

Panali munthu wina amene anzake ankangomutcha Madilu. Nkhaniyi ndi yoona, wondiuza ndi mayi amene amachita lendi mpanda umodzi ndi banja lake.

Madilu anamva kuti mawailesi akale, aja a bokosi la thabwa okhala ndi mababu m'kati, amagulidwa modula ndi anthu okonda kusunga zinthu zamakedzana. Tsiku lina anaipeza imodzi kwa mkulu wina amene ankasamuka. Ndalama analibe. Anadikira mkazi wake apite ndi mwana kusikelo, n'kunyamula makina ake osokera kukagulitsa.

Mkazi atabwerako anapeza pakona pamene pamakhala makina pakhala chiwailesi.

"Bambo a mwana, makina anga ali kuti?"

"Mtima m'malo, mayi. Makina opalasa ndi mwendo aja ndi achikale. Ndikugulirani amagetsi."

"Achikale? Nanga ichi n'chatsopano?"

Makinawo ndi amene ankadyetsa banjalo. Pampando panali mulu wa mayunifolomu a ana a eni ake, ndipo sukulu zinali pafupi kutsegulidwa.

Mwamwayi kunabwera mayi wina wamagalasi, wosunga mawailesi akale. Anaiyatsa, n'kudikira mababu atenthe. Wailesi inatsokomola, kenako inayamba kuimba. Mayiyo anatchula mtengo wokwanira makina amagetsi, n'kutsalanso ya ulusi.

Mkazi anamutsina mwamuna wake. "Landirani."

"Iyayi. Munthu wayenda yekha mpaka pano, ndiye kuti ku okushoni ingagule makina awiri."

"Pusi anagwa chagada, bambo."

Madilu sanamve. Anakalembetsa wailesi ku okushoni, kuja amagulitsa katundu mopikisana mitengo. Kenako anaitana mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, amene amagwira ntchito ya ulonda. Ameneyo ndi munthu woti ukamuuza kuti aime pageti, mvula imamuthera pomwepo.

"Alamu, inu mukakhale kumbuyo ngati sitidziwana. Wina akakweza dzanja, nanunso kwezani, mtengo ukwere. Muziyang'ana chipewa changachi. Chikakhala pamutu, pitirizani. Ndikavula, siyani."

"Mukavula, ndisiye. Ndamva, alamu."

Tsiku la okushoni holo inadzaza. Mayi wamagalasi uja anakhala kutsogolo. Itafika nthawi ya wailesi, patebulo panali patadzaza mbale zadothi zodikira kugulitsidwa. Wogulitsa, nyundo ili m'manja, anafuula:

"Mwini wake ali kuti? Bwerani muinyamule m'mwamba, akumbuyo aione. Musamale, mababu akasweka yasanduka nkhuni."

Madilu anaikumbatira ndi manja onse awiri. Inali yolemera ngati thumba la simenti.

Mayi wamagalasi anakweza dzanja. Mlamu anakweza. Mayi anakwezanso. Mlamu naye. Mtengo unadutsa wa kunyumba uja, unafika pa makina awiri. Madilu mtima unayera. Apa ndiye poimira. Anati avule chipewa, n'kukumbukira kuti manja alibe.

Anayang'ana poika wailesi. Patebulo mbale, pansi ana a anthu akukwawa. Anayamba kugwedeza mutu kuti chipewa chigwe. Koma chipewacho anali atachichepetsa mkazi wake kuti chisamauluke panjinga, ndipo mayiyo akasoka wasoka. Mlamu ataona mutu ukugwedezeka anati akundilimbikitsa. Anakweza manja onse awiri.

Madilu anayesa kukhuza mutu pakhoma. Anayesa kuphethira. Mlamu naye anaphethira.

"Bambo, mwagwidwa ndi chizungulire?" anafunsa wogulitsa.

"Ayi, ntchentche."

Mayi wamagalasi anatembenuka, anamuyang'ana mlamu kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kupinda manja.

"Kamodzi! Kawiri! Yapita kwa bambo a jekete kumbuyoko!"

Nyundo inalira. Anthu anaomba m'manja. Wogulitsa anaitana mlamu kuti abwere adzalipire.

"Ndilipire chiyani? Ine m'thumba muli makiyi a geti basi. Funsani alamu angawa. Anati ndisiye akavula chipewa. Taonani nokha, avula?"

Holo yonse inagwa nacho chiseko. Agogo ena anaseka mpaka mano oikirira anagwera pamiyendo. Wogulitsa yekha ndiye sanaseke. Anati lamulo la pamalopo ndi lakuti nyundo ikalira, gawo la okushoni liperekedwe, ndipo gawolo limakula ndi mtengo. Madilu anasiya njinga ndi foni, ndipo anauzidwa kuti asadzapondenso pakhomopo.

Panja anathamangira mayi wamagalasi, wailesi ili pamimba.

"Mayi, mtengo wa kunyumba uja ndavomera. Ngakhale theka."

"Kagulitseni kwa alamu anu. Akuoneka kuti amaikonda kuposa ine."

Anabwerera wapansi, wailesi pamutu pamwamba pa chipewa, mlamu akutsatira m'mbuyo n'kumafunsa ngati ntchito waigwira bwino. Mbiri inali itafika kale kunyumba. Mkazi anawatsegulira chitseko, mwana ali kumsana.

"Takulandirani, bambo a mwana. Ikani katundu wanu pakona. Tsopano mukhoza kuvula chipewa."

Kenako anamupatsa singano, ulusi ndi mulu wa mayunifolomu uja.

Mpaka lero mukadutsa pakhomopo mupeza Madilu ali pakhonde, akusoka mabatani ndi manja, zala zili ndi mabandeji. Wailesi imamuimbira bwinobwino. Ogula onse anamva nkhani yake, palibe amene amaifunsa.

Phunziro: Osagulitsa chimene chikudyetsa ana pofuna chimene sunachigwire. Mtengo wabwino ukakupeza pakhomo landira, ndipo mkazi wako akakutsina, imva. Chinyengo chimafuna manja atatu, pamene iwe uli nawo awiri. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka abambo amene ayamba kuyang'anitsitsa katundu wa akazi awo.